Kapinga Wosalala pa Bwalo la Sukulu ku Chirimba

Mlimi wa chimanga akamva dzina la kapinga akwinya nkhope, pakuti udzu umenewu ukalowa m'munda suchoka msanga. Aulima lero, mawa waphukanso. Auzula nauunjika pa mzere, mvula ikagwa wagwiranso pomwepo. Komatu khalidwe lomweli limene lisautsa mlimi ndilo limene mphunzitsi ayenera kulifunafuna, chifukwa bwalo la sukulu lifuna udzu wosamva kupondedwa, wosafa ndi chilimwe, ndiponso wotha kudzisoka wokha pamene wang'ambika. M'nkhani ino tilongosola za kapinga wa masamba aang'ono, amene ayala bwalo ngati mkeka, ndipo tiyang'ana makamaka ku Chirimba, kumene ena a inu mudzatumizidwa kukaphunzitsa.

Dera la Chirimba lili kumpoto chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Blantyre, m'mbali mwa msewu wopita ku Chileka, pakati pa phiri la Michiru ndi phiri la Ndirande. Malo ake ambiri ndi otsetsereka. Mvula iyamba mu Novembala nileka mu Epulo, ndipo pachaka igwa pafupi ndi mamilimita 1,000 kapena kupyolapo pang'ono. Koma siigwa mofatsa, ibwera ndi mkokomo, madzi ambiri pa ola limodzi. Kuchokera mu Meyi kufikira mu Okutobala nthaka iuma gwa, kupatula kamvula ka chiperoni ka mu Juni ndi Julayi, kamene sikalowa pansi kwenikweni. Chotero bwalo lopanda chophimba lizunzika kawiri pachaka: dzinja likokoloka, chilimwe liuluka.

Pamwamba pa mvula ndi dzuwa pali mapazi. Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera m'chaka chimodzi kuchoka pafupi ndi 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni, ndipo sukulu za m'matauni monga Chirimba, Ndirande ndi Bangwe zinadzaza tho. Palinso tsache. Makolo athu anali ndi nzeru posesa pabwalo mpaka mbee, pakuti pa malo oyera njoka ioneka patali, ndipo moto wolusa sufika pa nyumba yaudzu. Koma mwambo umene unakomera bwalo la banja limodzi uononga bwalo la ana chikwi. Tsache lililonse lichotsa dothi pang'ono, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Taonani mizu ya mitengo pa sukulu zakale, mmene yatulukira kunja ngati mitsempha ya nkhalamba, kapena khonde la kalasi limene kale mwana ankakwera osaganizira n'komwe koma tsopano afuna mwala wopondapo. Dothi lonselo linapita ku mtsinje, ndipo lina linalowa m'maso ndi m'zifuwa za ana.

Udzu wake ndi maina ake

Kapinga adziwika ndi masamba ake aafupi ndi opyapyala, ndiponso ndi ngayaye zake zogawanika ngati zala zinayi kapena zisanu. Akatswiri a zomera amutcha Cynodon dactylon. Mau awiriwa ndi a Chigriki: loyamba litanthauza dzino la galu, lachiwiri chala. Carl Linnaeus anamulemba mu 1753, ndipo Christiaan Persoon anamupatsa dzina limene ali nalo lero mu 1805. Ku America amutcha Bermuda grass, ku Australia couch, Maburu a ku South Africa kweek, ndipo ku India doob kapena durva, kumene Ahindu amagwiritsa ntchito masamba ake pa mapemphero. Dzina lathu nalonso lili ndi phunziro, popeza m'khutu liyandikana ndi kupinga ndi kupingasa, ndipo munthu amene anayesapo kudutsitsa khasu pa mphasa ya kapinga sadabwa nako kuyandikanaku. Ana a m'kalasi la ku Chirimba makolo awo anachokera ku Mulanje, ku Mangochi, ku Nsanje ndi kumpoto. Atumeni akafunse kwao dzina la udzu umenewu m'Chilomwe, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'Chitumbuka, ndipo mulembe mainawo pa bolodi mofananitsa.

Mphamvu ya kapinga ili m'kayendedwe kake. Tsekera ndi nsenjere zimera chiimirire m'zitsa, nizisiya nthaka ya pakati pake ili pamtunda. Kapinga ayanga. Ali ndi zingwe za mitundu iwiri: zina ziyenda pamwamba pa nthaka monga ichitira mbatata, zina ziyenda mobisika pansi, zoyera ndi zosongoka kunsonga. Pa mfundo iliyonse ya chingwe patuluka mizu yopita pansi ndi mphukira yopita kumwamba, kotero kuti kachidutswa kamodzi ka mfundo zitatu kakhoza kuyambitsa mphasa yonse. Zingwe za pansi ndizo nkhokwe yake. Zisunga chakudya, ndipo masamba akauma m'chilimwe, kapena akaperepeseka ndi mapazi a osewera mpira, moyo ukhalabe m'menemo kudikira mvula.

Ndiponso kapinga ali m'gulu limodzi ndi chimanga, mapira ndi nzimbe, gulu limene akatswiri alitcha C4, la zomera zopanga chakudya mofulumira pa dzuwa lamphamvu popanda kutaya madzi ambiri. Akula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 25 ndi 35, ndipo kukazizira kufika pansi pa madigiri 15 kukula kwake kuchepa. Apa ndiponso pali kufooka kwake: sapirira mthunzi. Afuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa tsiku lililonse. Pansi pa mango kapena pa bulugama musataye mphamvu zanu. Pamenepo yalani miyala yokhalapo ana. Ofuna udzu wa pamthunzi ayese umene ku South Africa autcha LM, dzina lochokera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, koma umenewo supirira mapazi ambiri.

Kusankha mtundu

Si kapinga yense ali wofanana. Alipo wamkulu, wa zingwe zonenepa ndi mfundo zotalikirana, amene abzalidwa kukhala chakudya cha ng'ombe. Ameneyo pabwalo akola mapazi a ana. Wosalala koposa onse ndiye Cynodon transvaalensis, wochokera ku dera la South Africa limene kale linkatchedwa Transvaal, amene masamba ake ali ngati ulusi. Anamulongosola ndi Joseph Burtt Davy mu 1921, munthu yemweyo amene mu 1936, pamodzi ndi A. C. Hoyle, anasindikiza ndandanda wa mitengo ya dziko lino pamene linkatchedwa Nyasaland. Ku Tifton, m'chigawo cha Georgia ku America, Glenn Burton anakwatitsa kapinga wosalalayu ndi kapinga wamba, ndipo kumeneko kunatuluka mitundu yotchuka: Tifgreen mu 1956, Tifway mu 1960, ndi Tifdwarf mu 1965. Kholo limodzi lili ndi makromozomu 36, lina 18, ndipo mwanayo atenga 27, chiwerengero chosagawika pakati. Chifukwa cha ichi sabereka njere zomera, monga nyulu, mwana wa bulu ndi kavalo, sabala. Afalitsidwa ndi zingwe zokha. Munthu akakugulitsani njere nati ndi za Tifway, dziwani kuti akugulitsani chinthu china.

Mitundu imeneyi ndi yokongola zedi, koma inapangidwira mabwalo a gofu ndi a masewera aakulu. Ifuna kumetedwa kawiri kapena katatu pa sabata ndi makina, kufika pa sentimita imodzi kapena awiri, ndipo ifuna madzi ndi feteleza kosalekeza. Ikasowa zimenezi isanduka chiwunjiwunji cha udzu wakufa. Ine ndiona kuti sukulu ya ku Chirimba ichita bwino kusiya mitundu yogula ndi kufunafuna kapinga wosalala wa m'dera momwemo. Mudzampeza m'mbali mwa njira, m'mphepete mwa mabwalo a mpira, ndi pamene mbuzi zidya kawirikawiri. Ameneyo wayesedwa kale ndi dzuwa, mapazi ndi mano a ziweto, ndipo wapambana mayeso onse. Sankhani wa mfundo zoyandikana, zosatalikirana kupyola masentimita awiri kapena atatu, ndi wa masamba osapitirira mamilimita atatu m'lifupi. Mutenge pa malo amodzi, kuti bwalo lisaoneke ngati chovala cha zigamba, ndipo mupemphe kaye kwa mwini malo. Ngati mbewu ichepa, chaka choyamba muichulukitse pa bedi la nazale. Mphasa yothithikana ya mita imodzi mbali zonse ikwanira kubzala malo aakulu kasanu kapena kuposa.

Madzi ayambe akonzedwa

Ambiri athamangira kubzala asanaganize za madzi a padenga. Tiwerenge. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndiyo lita imodzi ya madzi. Denga la chipinda chophunzirira la mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi lilandira malita 8,000 pa mvula ya mamilimita 50, ndiko kunena ndowa 400 za malita 20, ndipo madzi onsewo agwera pa kamzere kamodzi m'munsi mwa malata. Palibe udzu wongobzalidwa kumene ungapirire mathithi otere. Tsono mu Okutobala yalani miyala pamene madzi a padenga agwera, ndipo kumbani ngalande yowatsogolera kumbali. Pamene pali potsetsereka kwambiri bzalani mizere ya vetiva mopingasa chitunda, ndipo kapinga akhale pakati pa mizereyo. Tisamsenzetse kapinga katundu amene si wake. Iye agwira khungu la nthaka lokha. Matope amene anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi nkhani ya mapiri ndi mitengo yake, yosatheka ndi udzu wa pabwalo.

Mvula yoyamba ikafewetsa nthaka mu Novembala, limani mozama masentimita 15 kufikira 20. Bwalo la m'tauni libisa zambiri: zibenthu za njerwa, magalasi, misomali, mapepala a pulasitiki. Zonse zituluke. Dawe mumukumbe pamodzi ndi timbatata take, ndi nansongole pamodzi ndi zingwe zake, pakuti awiriwa akatsala simudzawachotsanso kapinga atayala. Thirani manyowa owolerana, wilibala imodzi pa malo a mamita atatu mbali zonse, ndipo salazani pokoka thabwa lolemera ndi zingwe. Bwalo lipendekeke pang'ono kuchoka ku makalasi, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asadikhe. Mukatero dikirani masabata awiri. Chisoso, bonongwe, khovani ndi chigombe zidzamera, ndipo mudzazipalira mopepuka zili zanthete, osatembenuzanso nthaka.

Kubzala ndi kutseka bwalo

Nthawi yabwino ndi mu Disembala, mvula itakhazikika, makamaka sabata lomaliza la teremu yoyamba, kuti tchuthi cha Khrisimasi chipatse udzu mpata wogwira. Kokani chingwe, lembani timizere takuya masentimita 5, totalikirana masentimita 15 kufikira 20. Dulani zingwe za kapinga m'zidutswa za mfundo zitatu kapena zinayi, zigonekeni m'timizeremo, kwirirani mbali yaikulu koma nsonga ya masamba itsale kunja, ndipo pondani ndi phazi kuti dothi ligwirane ndi mfundo. Mbewu ikumbidwe tsiku lomwelo. Yodikira ikhale pamthunzi pansi pa chiguduli chonyowa. Tsiku la mitambo liposa tsiku la dzuwa. Akuluakulu anati mmera mpoyamba: masabata 6 oyamba zulani udzu wachilendo ndi manja sabata lililonse. Mvula ikayenda bwino, m'masabata 8 kufikira 12 mizere idzakumana ndipo dothi silidzaonekanso.

Koma pano pali chinthu chimene chigwetsa mabwalo ambiri koposa chilala ndi chiswe. Udzu wanthete ufa ukapondedwa usanagwire, ndipo bwalo la sukulu ya m'tauni silikhala la sukulu yokha. Madzulo anyamata a m'deralo aseweramo mpira, Lamulungu mudutsa opita ku mapemphero, ndipo tsiku lililonse amayi opita ku msika adutsapo njira yachidule. Mpanda wa minga wokha sukwanira. Mphunzitsi ayenera kukhala pansi ndi komiti ya sukulu, ndi mfumu ya deralo, ndiponso ndi anyamata a mpirawo, ntchito isanayambe. Muwauze tsiku lotseka ndi tsiku lotsegula, ndipo musunge lonjezolo. Musatseke bwalo lonse nthawi imodzi; gawani pakati, theka chaka chino, theka chaka chamawa, kuti ana asasowe posewera. Kunena za njira yachidule, musalimbane nayo, pakuti anthu sadzasiya kudutsa pamene anazolowera. Ivomereni, iyaleni miyala kapena zibenthu za njerwa zimene munakumba zija, ndipo kapinga ayambire m'mbali mwake.

Kutchetcha

Kusalala kwa bwalo kuchokera ku chitchetcho koposa ku mtundu wa mbewu. Kapinga akadulidwa nsonga aleka kukwera nayamba kutulutsa mphukira za m'mbali, ndipo mphasa ithithikana. Akasiyidwa atalika, masamba onse akhala kumwamba, kumunsi kutsala timitengo touma. Ndipo mukadzamudula mwadzidzidzi mudzaona bwalo lofiira ngati lapsa ndi moto, ndi mipata yolowera chisoso. Lamulo lake ndi ili: musachotse koposa gawo limodzi la magawo atatu a utali wake pa nthawi imodzi. Bwalo la sukulu likhale pa masentimita atatu kapena anayi, ndipo lidulidwe likafika pa anayi ndi theka kapena asanu ndi limodzi. Kuyambira mu Januwale kufikira mu Malichi ndiko kunena kamodzi pa sabata. Chitchetcho chinoledwe ndi tupa, chifukwa chobuntha ching'amba tsamba m'malo molidula, ndipo nsonga zong'ambika ziyera. Zodulidwa zikakhala zazifupi zisiyeni pomwepo ziwolerane. Zikakhala zazitali zitengereni ku dzenje la kompositi.

Makolo ena adzakuuzani kuti udzu uitana njoka ndi udzudzu. Ayankheni mwaulemu kuti anena zoona za udzu wautali, koma pa udzu wa masentimita atatu njoka ioneka monga pa dothi loyera, ndipo udzudzu uswana m'madzi odikha, amene bwalo losalazidwa bwino lilibe.

Ndinene pano mau amodzi okhudza ana. M'sukulu zambiri kutchetcha ndi chibalo cha wochedwa ndi wolongolola m'kalasi. Mwana amene waphunzira kuti chitchetcho ndi chilango adzatchetcha mokwiya, nazula udzu ndi mizu yomwe. Gawani bwalo m'zigawo, kalasi lililonse la ana aakulu likhale ndi chigawo chake, ndipo otchetcha aime motalikirana mamita atatu, miyala itatoledwa kale, mphunzitsi ali pomwepo.

Chakudya ndi madzi

Kapinga akayamba chikasu m'nyengo ya mvula, asowa nayitrojeni. Feteleza wa yureya ali ndi magawo 46 pa 100 a chakudya chimenechi, ndipo magalamu 10 akwanira malo a mita imodzi mbali zonse. Chotero kilogalamu imodzi ikwanira malo a mamita 10 mbali zonse, ndipo thumba la makilogalamu 50 likwanira theka la hekitala. Masamu amenewa apatseni ana a Sitandade 7 awerenge okha atayeza bwalo ndi chingwe. Sakanizani yureyayo ndi mchenga wouma kuti awazike mofanana, ndipo muwaze masamba ali ouma, nthaka ili yonyowa, mvula ili pafupi kugwa. Mukaphonya izi udzu upsa mawangamawanga. Kawiri pa dzinja nkokwanira, mu Januwale ndi kumayambiriro kwa Malichi. Sukulu yopanda ndalama iwaze zitosi za nkhuku zowolerana ndi zosefa, ndipo idzapeza phindu lomwelo, ngakhale mochedwerapo.

Za kuthirira m'chilimwe tiwerengenso. Kuti udzu ukhale wobiriwira mu Seputembala ndi Okutobala ufuna pafupi ndi mamilimita 25 a madzi pa sabata. Bwalo laling'ono la mamita 30 ndi 20 lifuna malita 15,000, ndizo ndowa 750, sabata lililonse. Madzi ambiri a mzinda uno a Blantyre Water Board awapopa ndi magetsi kuchokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupi 40, nawakweza chitunda chachikulu. Sikoyenera kuwathira pa udzu pamene amayi a m'deralo aima pa mzere ndi zigubu. Lolani kapinga agone. Adzauma, adzaoneka ngati wafa, koma ngakhale wouma agwirabe dothi ndi kuletsa fumbi. Bedi la nazale lokha ndilo lithiriridwe, ndi madzi osambira m'manja kapena otsukira miphika ya phala.

Pomugoneka, kutchetcha komaliza kwa mu Epulo kapena Meyi kumsiye wamtali pang'ono, masentimita asanu. Asatenthedwe, ndipo asasesedwe ndi tsache lolimba. Zinyalala zitoledwe ndi manja. Chiswe chidza pamene paunjikana udzu wouma, choncho milu yotere ichotsedwe. Maenje a nkhululu akwirireni, ndi timilu ta mfuko tisalazeni tisanaphe udzu wa pansi pake. M'dzinja yang'anirani mbozi za ntchemberezandonda, pamodzi ndi mtundu watsopano uja umene unafika m'dziko muno m'nyengo ya mvula ya 2016 mpaka 2017, pakuti zikonda kapinga monga zikondera chimanga. Mukaziona zambiri itanani mlangizi wa zaulimi, ndipo mankhwala asagwiridwe ndi ana.

Musaiwale dimba la sukulu. Pakati pa bwalo ndi dimba pakhale kangalande kakuya ngati mutu wa khasu, ndipo mwezi uliwonse wa dzinja zingwe zoyesa kuwoloka zidulidwe.

Kumapeto kwa Okutobala, mitambo ikayamba kusonkhana pa Michiru, palani bwalo ndi reki kuti muchotse udzu wakufa umene waunjikana pakati pa masamba ndi nthaka, chifukwa umenewo uletsa madzi kulowa. Pamene pagogomezeka koposa, monga pakhomo la kalasi, pa malo a asembule ndi pakamwa pa golo, bowolani ndi foloko yolimira maenje akuya masentimita 10, otalikirana ngati chikhatho, ndipo muwazepo dothi lamchenga losakaniza ndi kompositi, losapitirira sentimita imodzi, kuti nsonga za udzu zisakwiririke. Pamene pachita dazi lenileni dulani mphasa ya pa nazale ndi fosholo, muiyale ngati chigamba, muiponde, ndi kuitchinga masabata atatu. Mitengo ya golo isunthidwe mamita angapo chaka chilichonse, kuti pamene panaperepeseka chaka chatha papeze dzinja limodzi lopumula.